Katoni ya Mayi Taipi

Pasekondale paja panalibe munthu wowatchula dzina lawo lenileni. Ana, aphunzitsi, alonda, ngakhale makolo obwera kudzadandaula, onse ankangoti Mayi Taipi, ndipo eni ake ankavomera osanyinyirika. Analowa ntchito ali namwali, nthawi imene makina otaipira anali achitsulo chokhachokha, oti powanyamula pamafunika amuna awiri. Makinawo anatha, kunabwera kompyuta, iwo ali pomwepo. Ahedi anayi anabwera ndi malamulo awo n'kupita nawo, iwo ali pomwepo. Pamene nkhani iyi inkachitika n'kuti atakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pampando umodzimodzi, mpando woti mwendo wakumbuyo anachita kuumanga ndi waya.

Kaofesi kawo kanali kopanikizika, pakati pa ofesi ya ahedi ndi chipinda cha aphunzitsi. Munali tebulo, kompyuta, makina ochulukitsa mapepala amene dzuwa likafika pamutu ankatentha ngati simbi, ndi kabati yachitsulo yosungiramo mayeso. Kiyi wa kabatiyo ankakhala pakachingwe m'khosi mwawo, mkati mwa bulauzi, ndipo ankamuvula posamba pokha. Mayeso onse a pasukulupo, kuyambira masamu mpaka zaulimi, ankadutsa m'zala zawo asanafike pamaso pa mwana aliyense, koma pazaka zonsezo sipanatulukepo ngakhale funso limodzi. Oyesa anayesa ndithu. Mayi wina anabwera ndi nsalu yatsopano m'jumbo, n'kumazungulirazungulira nkhani ya mwana wake wosagwira masamu. Mayi Taipi anayamikira kukongola kwa nsaluyo, anaipinda bwinobwino, n'kumuperekeza nayo mwini wake mpaka pageti.

Aphunzitsi ankawakonda, koma kukonda kwake kunali kuja munthu amakondera chiwiya chosavuta. M'mitu mwawo anali atakhazikitsa zoti taipisiti sawerenga zimene akutaipa, amangosamutsa zilembo kuchoka papepala lina kupita pa linzake. Wonena zimenezi mokweza anali mphunzitsi wa Chingerezi, bambo wamtali wosasiyana ndi tayi, amene ana anamupatsa dzina loti a Komabe, chifukwa ngakhale uwapatse moni, yankho lawo linkayambira pamawu amenewo.

"Komabe inu Mayi muli ndi mwayi," ankatero akuponya mapepala patebulo. "Zala zili pantchito, mutu uli kutchuthi."

"Ndi momwemo, aphunzitsi," iwo ankayankha, maso ali pakompyuta. Kutsutsana ndi munthu wa tayi m'mawa ankakuona ngati kudziputira mutu waching'alang'ala.

Chimene a Komabe sankadziwa n'chakuti mutu umenewo sunapitepo kutchuthi. Mayi Taipi analephera Chingerezi pamayeso awo omaliza sekondale, anabwereza, n'kulepheranso. Chinawagwetsa kawiri konseko chinali gawo la makilozi ndi mafulezi, lija amakupatsa chiganizo chachitali n'kukuuza kuti uchiduledule, unene kuti chidutswa chilichonse n'chiyani ndipo chikugwira ntchito yanji. Satifiketi anaiphonya chifukwa cha zimenezo, ndiye anangolowera kosi ya taipi. Zinawawawa zaka zambiri. Ndiye tangoganizani, ntchito imene anapeza inali yotaipa chaka ndi chaka mafunso a mtundu womwewo umene unawatsekera njira.

Lamulo la mu ofesi linali lakuti pepala lililonse la mayeso lotuluka molakwika m'makina, kaya lakwinyika kaya ladetsedwa ndi inki, liwotchedwe tsiku lomwelo mumgolo wa kuseri. Mayi Taipi ankawotcha onse kupatula awiri, limodzi la mafunso a Chingerezi ndi limodzi la mayankho ake. Awiriwa ankawatsekera m'kabati momwemo, pansi penipeni, mpaka ana atalemba n'kulandira zotsatira. Zikatero ankawatengera kunyumba, n'kukhala pakhonde Loweruka ndi pensulo, kuyankha okha funso lililonse, kenaka n'kudzichonga. Chaka choyamba anapeza 7 pa 40, anadzitukwana chamumtima n'kupitiriza. Pofika chaka chachisanu ndi chitatu sankaphonyanso. Mapepalawo ankawaunjika m'katoni ya sopo pansi pa bedi, lililonse atalilemba chaka chake pakona.

Amuna awo, amene ankakonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde la sitolo ina m'tauni, ankaseka nazo. "Amake Mzime, anzanu pansi pa bedi amasungapo nsapato za kutchalitchi, inu mukuwetapo mphemvu zodziwa Chingerezi."

Mzime anali mwana wawo womaliza, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wa kalasi yomaliza pasukulu yomweyo. Masamu ankangowamwa, sayansi chimodzimodzi, koma Chingerezi chinkamukwera pamutu, ndipo chomugwetsa chinali chomwe chija chinagwetsa amake. Tsiku lina anabwera ndi pepala lofiira lonse ndi inki ya a Komabe, analiponya pampando n'kunena kuti, "Ine mutu wangawu sanaupangire zimenezi."

Mayi Taipi analitola pepalalo, ndipo mtima unawawawa ngati ndi lawo. Koma sanamunyengerere.

"Mutu umenewo ndinaubereka ndine, ndikuudziwa. Loweruka usapite kulikonse."

Loweruka m'mawa atamaliza kuchapa anakoka katoni ija. Anakopera ziganizo za m'mapepala akale kumbuyo kwa kalendala yotha ntchito, zilembo zikuluzikulu, n'kuziduladula ndi sizasi. Zidutswazo anazipanika ndi mapegi pachingwe choyanikira zovala, pakati pa malaya a bambo ndi mathaulo, ndipo pansi anaikapo mabeseni awiri.

"Vuto lako umawerenga ngati akukuthamangitsa," anatero. "Choyamba funafuna mneni, mawu aja onena chochitika. Chidutswa chokhala ndi mneni ndi mwini wake, imeneyo ndi kilozi. Chopanda mneni, ngakhale chitalike mpaka kwa aneba, ndi fulezi, kapandamneni uja munaphunzira kupulaimale. Makilozi beseni ili, mafulezi ilo. Tayamba."

Mzime anathothola kachidutswa kolembedwa kuti "under the old bridge". Anakatembenuza uku ndi uku.

"Mneni mulibe."

"Ndiye ukudikira chiyani? Ponya."

Chachiwiri chinali chakuti "because the bus was late". Mzime anapeza mneni mosavuta n'kufuna kuponya m'beseni la makilozi, koma amake anamugwira dzanja.

"Wakhoza, koma makilozi ali pawiri. Pita ukawauze bambo ako mawu amenewo okha, usawonjezere kanthu."

Bambo anali pakhonde, wailesi ya eni atailekanitsa matumbo onse panyuzipepala. Mzime anaima patsogolo pawo n'kuwerenga kachidutswako. Iwo anadikira, sikuludiraiva ili m'mwamba.

"Eya, basi inachedwa. Ndiye zinatani?"

Mayi Taipi anaseka mpaka kugwira chingwe. "Wamva? Ukanena mawu munthu n'kukufunsa kuti ndiye zinatani, dziwa kuti kilozi yakoyo siima payokha, ikufuna inzake yoti iitsamire. Akangogwedeza mutu n'kupitiriza ntchito yake, imeneyo ndi yoima payokha. Basi, nkhani yonse ndi yomweyo. Zinazo ndi mayina chabe, tiphunzira pang'onopang'ono."

Kuyambira tsikulo bambo anasanduka sikelo. Ankadandaula kuti sakuwalipira, koma Loweruka likakwana ankakhala okha pakhonde msangamsanga. Sukulu ya pachingwe inayenda miyezi inayi. Anadutsa makilozi ofotokoza dzina, onena nthawi, onena chifukwa, mpaka aja obisala pakati pa chiganizo. Mzime anafika pomawasaka paliponse, m'nyuzipepala, pabotolo la mankhwala a chifuwa, ngakhale pachikwangwani cha kudepoti.

Kutatsala milungu iwiri kuti ana alembe mayeso oyeserera, aja amati moko, a Komabe anabweretsa pepala lawo kuti litaipidwe. Mayi Taipi anangowerenga mizere itatu zala n'kuima. Mlatho wakale unali pomwepo. Basi yochedwa inali pomwepo. A Komabe anali atatenga pepala lawo la zaka zisanu ndi zinayi zapitazo ndi lina la zaka khumi ndi zinayi zapitazo, n'kusokerera pamodzi. Kunali kachitidwe kawo ka nthawi zonse, poganiza kuti ana amene analemba mafunsowo anapita kalekale, ena ali pabanja, ndiye angakumbukire ndani? Koma chaka chino anagwera ndendende paziganizo zimene zinayanikidwa pachingwe.

Mayi Taipi anaganiza zowauza. Koma akanayambira pati? Taipisiti akanadziwa bwanji funso la zaka khumi ndi zinayi zapitazo popanda kuulula za katoni? Anangotaipa, anachulukitsa, n'kukiya. Madzulo ake anatolera mapegi onse n'kuuza Mzime kuti, "Sukulu ya pachingwe yatsekera. Usandifunse kalikonse ka Chingerezi mpaka mutalemba." Anaganiza kuti potero asamba m'manja. Apa ndiye analakwa, ndipo pambuyo pake anavomera okha kuti kukhala chete kuja kunali mantha chabe.

Zotsatira zinatuluka Lolemba. Pagawo la makilozi ndi mafulezi Mzime anapeza 38 pa 40, kuposa kalasi yonse, pamene teremu yathayo anapeza 11. Isanakwane nthawi ya tiyi, Mayi Taipi anaitanidwa ku ofesi ya ahedi.

Ahediwo anali atsopano, mayi wachitsikana wa magalasi, wosaseka wamba. Tsiku limene anafika anauza sukulu yonse kuti wobera mayeso sadzalemba mayeso a boma pasukulu yawo, ndipo aliyense anaona kuti sakunena zocheza. A Komabe anali ataima pawindo, manja kumbuyo.

"Khalani, Mayi," anatero ahedi. "Mwana wanu wachoka pa 11 kufika pa 38. Pepala munataipa ndinu, kiyi muli naye ndinu. Ndithandizeni kuganiza."

"Mwanayo anaphunzira, Madamu."

"Komabe anamuphunzitsa ndani?" anafunsa a Komabe. "Ine kaphunzitsidwe kanga sindinasinthe."

"Ndine."

A Komabe anasekera m'mphuno, kuseka koti munthu ungakonde akanakutukwana. Ahedi sanaseke. Anakoka mndandanda wolembedwa pamanja wa ana oyenera kulemba mayeso a boma, anatsitsa chala mpaka padzina la Mzime, n'kudutsitsapo mzere ndi bolopeni yofiira.

"Mndandanda uwu ukupita Lachisanu masana. Pofika nthawi imeneyo ndikhale nditakhutira kuti pepala silinatuluke. Apo ayi, dzina ili litsala."

Mayi Taipi anauyang'ana mzerewo. Kutsala kwa dzina kunkatanthauza chaka chathunthu chotayika, ndiponso mbiri yoti mwana anachotsedwa chifukwa chobera, mbiri imene imafika kusukulu ina mwini wake asanafike. Anadzuka bwinobwino, anathokoza, n'kubwerera kukamaliza kalata ya makolo imene anaisiya pakati.

Pofika masana nkhani inali m'kamwam'kamwa. Aphunzitsi amene ankalowa mu kaofesi kaja osagogoda anayamba kudutsa ngati pakhomopo pali njoka. Ana akamuona Mzime ankanong'onezana za likasa, kuti amake anamuonetseratu mafunso. Zonsezi Mayi Taipi anazinyamula mutu uli m'mwamba. Chimene chinawagonjetsa chinawapeza kunyumba, akuanula zovala. Mzime anaima kumbuyo kwawo, yunifolomu asanavule.

"Amayi, ndikufunseni?"

"Funsa."

"Ziganizo zija ndinazidziwa. Cha mlatho, cha basi, zambiri ndithu. Zinali pachingwe pompano. Kodi munandibera mayeso?"

Palibe mawu a ahedi kapena kuseka kwa a Komabe kumene kunawalasa ngati funso limenelo. Anaika zovala m'beseni, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi katoni. Anafufuza mpaka anapeza pepala lofiirira ndi ukalamba, n'kumupatsa.

"Werenga funso lachitatu. Tsopano werenga chaka chili pakonapo. Unali ndi zaka zingati?"

Mzime anawerengera pazala. "Zitatu."

"Unali usanadziwe n'kuvala nsapato pamene ine ndinkayankha funso limenelo. Aphunzitsi ako ndi amene anabwereza zakale. Ine cholakwa changa n'chakuti ndinaona ndikutaipa koma sindinanene. Chokubera ayi, mwanawe. Zimene uli nazo m'mutumo ndi zako."

Mzime anakhala pansi pakhonde n'kulira, ndipo amake anamusiya alire.

Bambo atabwera kuntchito anamva nkhani yonse ali chiimire, chikwama cha zitsulo chili paphewa. Anali munthu wozolowera kufunafuna kawaya kamodzi kolakwika osaphwasula wailesi yonse, ndiye malangizo awo anali otero.

"Amake Mzime, tengani mapepala awiri okhawo. Mukanene kuti munawapeza pokonza m'kabati. Katoni yonseyi ikakafika kumeneko, mwadziulula nokha kuti zaka zonsezi lamulo lowotcha simumalitsata."

"Sindimalitsata kumene."

"Akulandani kiyi."

"Kiyi si mwana wanga, bambo a Mzime. Ndiye mapepala awiri okha asonyeza chiyani? Adzati ndawakumba dzulo kuti ndidzipulumutse. Ayenera aone zonse, chaka ndi chaka, ndi pensulo yanga yomwe. Komanso mwanayu wandifunsa lero ngati ndinamubera. Andione ndikunama Lachisanu, adzandikhulupiriranso liti?"

Bambo anakanda m'mutu, anayang'ana katoni, anayang'ana mkazi wawo. "Chabwino. Koma muigwedeze kaye, mphemvu zija zisakachitire umboni."

Lachisanu m'mawa Mayi Taipi anavala bulauzi yawo yoyera, anamanga katoni ndi chingwe, n'kulowa nayo pageti ana onse akuona. Sanapite nayo ku kaofesi kawo. Anagogoda kwa ahedi, anaitsitsa patebulo, n'kupempha kuti a Komabe aitanidwe.

A Komabe atafika, Mayi Taipi anayala mapepala atatu, la moko wa chaka chino pakati, akale awiri m'mbali.

"Madamu, funso loyamba mpaka lachisanu ndi chimodzi muwapeza apa. Lachisanu ndi chiwiri mpaka kumapeto muwapeza apa. Chasintha ndi manambala okha. Mwana wanga ndinamuphunzitsa ndi mapepala akalewa miyezi inayi pepala la moko lisanalembedwe n'komwe. Nditaliona ndinasiya kumuphunzitsa, koma ndinayenera kunena, sindinanene."

Ahedi anayendetsa chala mzere ndi mzere, kuchoka papepala lina kupita pa linzake. Anatenga nthawi. Atamaliza anakweza maso kuyang'ana a Komabe pamwamba pa magalasi.

"Aphunzitsi, pepala ili munandiuza kuti ndi latsopano."

"Komabe, Madamu, galamala sisintha," anatero a Komabe, chala chili pakati pa tayi ndi khosi.

"Zimenezo tikambirana tokha." Ahedi anapisa m'katoni n'kutulutsa mulu wina. Anaona mayankho a pensulo, zochonga, ndi malikisi pamwamba pa pepala lililonse: 7, kenaka 12, kenaka 19, kumakwerabe. "Zolemba izi n'za ndani?"

"Zanga. Ndinalephera Chingerezi kawiri, Madamu, pagawo lomweli. Ndinaona kuti poti mafunso akudutsa m'manja mwanga chaka chilichonse, bola ndiphunzire."

Ananena zimenezi poyera, mawu osanjenjemera, pamaso pa munthu amene kwa zaka zambiri ankawauza kuti mutu wawo uli kutchuthi. Anadabwa okha kuti sizinawachititse manyazi.

Ahedi anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ndakhutira kuti pepala silinatuluke. Koma mwina mwanayo anangoloweza mayankho a ziganizo zimene anaziona. Kalasi idzafunsa zimenezo, makolo adzafunsanso."

"Ndimafuna ndinene zomwezo," anatero Mayi Taipi. "Aphunzitsiwa alembe pabolodi ziganizo khumi zatsopano, za m'mutu mwawo, pompano. Mwana ayankhe inu mukuona. Ine ndikhala panja."

Anatsegula kalasi yopanda anthu kumapeto kwa khonde. Mayi Taipi anakhala pabenchi ya odwala pafupi ndi ofesi, manja pamiyendo. Ali pamenepo ankawaona a Komabe pawindo, kulemba, kufufuta, kuyang'ana kudenga, kulembanso. Munthu amene zaka zambirimbiri sanapekepo chiganizo chake anatuluka thukuta la mtsinje, ndipo ziganizo khumi zinamutengera mphindi makumi anayi. Kenaka anamuitana Mzime. Anadutsa pafupi ndi benchi atagwira bolopeni ndi manja awiri. Za m'mutu mwa mwanayo amake analibe nazo nkhawa ngakhale pang'ono. Ankangoopa kuti mantha angamulembetse zosawerengeka.

Belu la nthawi yopuma linalira, ana anadzaza khonde, n'kumachedwa dala podutsa pakalasi paja. Belu linaliranso, khonde linakhala zii. Mayi Taipi anawerenga matailosi a pansi mpaka anasokoneza.

Chitseko chitatseguka anayamba kutuluka ndi a Komabe, pepala lili m'manja, choko chili mbuu pamalaya. Anaima patsogolo pa benchi osadziwa poika maso.

"Komabe mwanayu akudziwa," anatero. "Wakhoza zisanu ndi zinayi. Chimene waphonyacho ngakhale a kukoleji chimawavuta." Anakhosomola. "Mayi, mwina ndinalankhula mofulumira."

"Munalankhula zaka zambiri, aphunzitsi. Koma zatha."

Mzime anatuluka pambuyo pawo, maso ofiira koma akumwetulira. Amake anangomukonza kolala n'kumuuza kuti athamangire m'kalasi, phunziro la masamu layamba.

Ahedi anaitananso Mayi Taipi okha. Katoni inali itatsitsidwa pansi, pafupi ndi phazi la tebulo.

"Mayi, mwana wanu alemba. Ndikanena pamaso pa sukulu yonse Lolemba kuti sanabere. Koma lamulo lowotcha mapepala munaliphwanya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mwabweretsa umboni nokha. Ndikalekerera inu, mawa wina adzatulutsa pepala mayeso asanalembedwe n'kunena kuti nayenso amaphunzira. Mapepalawa ndi a sukulu, atsala kuno. Mayeso aziwataipa okha aphunzitsi mu ofesi muno. Inu muzitaipa makalata ndi zina zonse. Ndipatseni kiyi."

Mayi Taipi ankadziwa kuyambira Lolemba kuti zidzathera pamenepa, koma kudziwa sikunachepetse ululu. Anapisa m'bulauzi, anadutsitsa kachingwe pamutu mosamala kuti kasakole tsitsi, n'kuika kiyi patebulo. Kiyiyo anali wofunda. Zinawawawa kwambiri, kuposa mmene anayembekezera, ndipo anachita kuluma mlomo kuti ahedi asaone.

"Sinditsutsa, Madamu. Pampando wanuwo inenso ndikanachita zomwezo."

Ahedi anatenga mndandanda uja, analemba kanthu pambali n'kusaina. "Uwu ufunika utataipidwa isanakwane 3 koloko. Galimoto ikudikira."

Anabwerera ku kaofesi kawo, anakhala pampando wa waya uja, n'kutsamiritsa pepalalo pakompyuta. Mayina makumi awiri ndi awiri oyambirira anawathamanga monga mwa nthawi zonse, zala zikungodziyendera. La nambala 23 linali ndi mzere wofiira pakati, ndipo pambali pake ahedi anali atalemba kuti lilowe. Apa anaima. Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja, n'kuyamba kulitaipa ndi chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi, dzina limene anasankha okha ali pabedi la kuchipatala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, kenaka la bambo ake. Analiwerenga kawiri, milomo ikuyenda. Litakhala bwino, anatsikira padzina lotsatira, poti nayenso anali mwana wa munthu ndipo nthawi inali itatha.